Kalasi ya Madenga ku Zilibwino

Kuseri kwa mapiri, kumene netiweki imafika ili wefuwefu, kuli ufumu wotchedwa Zilibwino. Dzinali silinachokere patali. Kumeneko mlatho ukakokoloka, nduna imathamangira kwa mfumu n'kukanena kuti zili bwino. Nkhokwe zikauma, zili bwino. Ngakhale munthu wolumidwa ndi njoka amayamba wanena kuti zili bwino, kenako n'kugwa.

Mwini ufumuwo anali Mfumu Ndanenandanena Yachitatu, imene inkakhala ku likulu lotchedwa Pamwambamwamba. Chaka china mfumuyi inakacheza kwa inzake ya ku Tatsogola, ndipo inabwerako nkhope ili ndwii. Kumeneko inaona anthu akuphunzira pa foni: mphunzitsi ali kwawo, ophunzira ali kwawo, koma nkhope zonse zili ndandanda pa galasi m'timabokosi. Isanavule n'komwe nsapato, inaitanitsa nduna zake.

"Kodi m'dziko langa muno muli mibadwo ingati?"

"Itatu, Mwini Dziko," anayankha a Zatheka, Nduna ya Maphunziro ndi Madenga. "Agogo, makolo ndi ana."

Maunduna awiriwa anawaphatikiza kalekale poona kuti onse ndi a zakumutu. A Zatheka anatchuka zaka zitatu m'mbuyomo, pamene mfumu inatumiza malata oti afolere nyumba iliyonse m'dzikomo, lata lililonse lili ndi chidindo cha nkhope ya mfumu. Pasanathe sabata a Nduna anabwera kudzanena kuti ntchito yatha, ndipo udzu wangotsala wa ng'ombe basi. Mfumu inawapatsa mendulo.

"A ku Tatsogola akuphunzitsa mbadwo umodzi pa nthawi," inatero mfumu. "Ife tiphunzitsa itatu m'kalasi imodzi. Pakatha masabata asanu ndi limodzi ndidzalowamo ndekha. Ndikufuna ndidzaone nkhope zonse, ndipo ndidzamve kuti aphunzirapo kanthu. Zikadzakanika, mphunzitsiyo adzapita ku Iwalani. Ndanena, ndanena."

Ku Iwalani ndi kuchipululu kumene kumakhala abulu a mfumu. Kulibe mtengo, ndipo msewu wake ndi wopita wokha. Mphunzitsi amene analephera sukulu ya pa wailesi ali komweko mpaka lero, akuphunzitsa abulu kuyenda pa mzere.

Ntchito inagwera Mayi Rozina Mtambalika a pa sukulu ya Tsitsaniko, amene anali atagwira choko zaka makumi atatu ndi zinayi. Sanali munthu wa mantha. Anaphunzitsapo ana zana pansi pa mtengo kukuomba mphepo ya mwera, ndipo ena mwa iwo anakhoza. Koma kuseri kwa nyumba yawo kunali mtengo wa mango a boloma umene anaudikira zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo chaka chimenecho unali utabereka koyamba. Mango anali akadali aawisi. Mayiwa analumbira kuti sapita kwa abulu n'kusiya maboloma awo kuti adyedwe ndi wina.

Anawapatsa laputopu, ndipo anthu makumi anayi a ku Tsitsaniko analandira mafoni. Lolemba masana Mayi Mtambalika anavala bulauzi yosita, anakhala kutsogolo kwa bolodi, n'kutsegula kalasi. Timabokosi tinayamba kubwera kamodzikamodzi mpaka tinakwana makumi anayi.

Munalibe nkhope ngakhale imodzi. Munali madenga okhaokha.

Denga la udzu, denga la udzu wa chaka chatha, denga la pulasitiki, denga loonekera dzuwa, denga lokhala ndi chisa cha mavu. Pakona pokha ndi pamene panali denga la malata onyezimira, nthenga zikuuluka pansi pake.

"Kodi anthu muli kuti?" anafunsa mphunzitsi.

Zii. Patapita nthawi panamveka mawu a mtsikana, otopa ngati wadzutsidwa kutulo. "Tilipo, Madamu. Agogo akhala akukupatsani moni kuyambira pamene mwatsegula, koma sanatsegule mawu. Panopa akufunsa za mbuzi yanu."

"Ndilibe mbuzi."

"Ndawauza. Akuti pepani."

Tsiku loyamba linatha choncho. Mayi Mtambalika anaona kuti za masamu ndi mbiri ya mafumu zidikire kaye. Sabata yonse anaphunzitsa chinthu chimodzi.

"Yang'anani pansi pa galasi. Pali kanthu kooneka ngati chitsononkho cha chimanga. Kachitsononkho kameneko kakakhala ndi mzere wofiira, ndiye kuti mwatsekedwa pakamwa. Kadineni kamodzi, mzere uchoke, kenako lankhulani. Kamodzi, a Nangondo! Si mtondo umenewo."

Ana anazidziwa asanauzidwe, koma sankafuna kulankhula. Makolo ankadziwa kudina, koma ankatsegula mawu pamene akukalipira kasitomala. Agogo ankafuna kulankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma chala chinkaphonya n'kutseka kalasi yonse. Mphunzitsi sanatope. Pofika Lachisanu la sabata yachiwiri, aliyense ankadziwa kudzitsegula yekha, ngakhale a Nangondo, gogo wa denga la malata uja.

Koma nkhope ayi. Mayi Mtambalika anafika poti ankadziwa ophunzira awo ndi madenga. Poitana mayina ankangoyang'ana: thumba la feteleza lotsekera chiboo, a Lufeyo alipo, chisa cha mavu, Ndaziona alipo. Tsiku lina tambala anasuzumira m'bokosi la a Nangondo, n'kupendeketsa mutu ngati akutsatira phunziro. Mphunzitsi anamulemba kuti wabwera, chifukwa ndiye anali woyamba kuonetsa nkhope.

Sabata yachitatu kunafika a Nduna pa galimoto ya mbendera. Anaima kumbuyo kwa mphunzitsi, n'kuyang'ana pa laputopu.

"Mayi, izi ndi chiyani?"

"Ndi ophunzira, bwana."

"Ndikuona udzu."

"Inenso ndikuona udzu, bwana."

A Nduna anatseka chitseko cha kalasi, n'kutsitsa mawu. "Tamverani. M'dziko muno mulibe denga la udzu. Linatha zaka zitatu zapitazo, mendulo yake ndi iyi. Mfumu ikadzaona denga ngakhale limodzi, ndidzanena kuti mphunzitsi wayika zithunzi za adani pofuna kuchititsa ufumu manyazi. Ku Iwalani ndidzakuperekezani ndekha. Nkhope, Mayi! Nkhope zokhazokha, kuyambira pachibwano mpaka pachipumi."

Atachoka, Mayi Mtambalika anapita kuseri kwa nyumba, anafinya boloma limodzi, anapeza likadali gwa. Anamanga chitenje, n'kutsikira kumsika kuti akaone ophunzira awo ndi maso.

Msika wa Tsitsaniko unali utamva kale nkhani yonse. Mayi wogulitsa tomato anawakuwira ali patali. "Aphunzitsi, akuti abulu a ku Iwalani amamva msanga kuposa ife. Mwina n'kukwezedwa pantchito kumeneko!"

"Iwe ukanakhala bulu ndikanakuona nkhope," anayankha mphunzitsi osaima.

Anapeza a Lufeyo m'shedi yawo yokonzera njinga, akuwotcherera chimango cha kabaza. A Lufeyo anali mkamwini wa a Nangondo, bambo wake wa Ndaziona, komanso mlamu wa a Nduna, popeza a Zatheka anali mwana woyamba wa a Nangondo. Uchilamu umenewu sunawapindulire kanthu kupatula moni wa pa windo la galimoto.

"Bambo a Ndaziona, nkhope yanu ili ndi vuto lanji?"

A Lufeyo anazimitsa moto, n'kukanda kumutu. "Aphunzitsi, inu ndinu munthu wamkulu, mwambo mukuudziwa. Ine ndi apongozi sitiyang'anana. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndikawaona akubwera m'njira ndimalowa m'tchire, minga kapena ayi. Ndiye tsiku loyamba lija ndikutsegula foni, gwa! Bokosi la apongozi lili pambali pa langa penipeni, phewa ndi phewa. Ngakhale pa ukwati wanga sitinayandikane chonchija."

"Bwanji osamata kapepala pa bokosi lawo?"

"Ndinayesa. Timabokosi timeneti timayendayenda. Ndamata apa, apongozi atulukira apo. Tsiku lina ndinamata inu."

Mayi Mtambalika anayang'ana magalasi akuda owotcherera amene anali pachipumi pa a Lufeyo. "Mwambo ukuletsa chiyani, nkhope kapena maso?"

"Maso."

"Tsitsani magalasiwo."

A Lufeyo anatsitsa. Anaoneka ngati chiwala chachikulu, koma maso sanaoneke. Akamwini ena asanu ndi mmodzi a m'kalasimo, atamva nzeru imeneyi, anabwereka magalasi kwa owotcherera a msika wonse.

Ndaziona anamupeza atakhala pa thumba la makala kuseri kwa shedi, maso ali pa foni. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo ankayankha mafunso onse ndi mapewa.

"Iwe, pa zithunzi zako nkhope umaionetsa dziko lonse. Nanga m'kalasi?"

"Ndinaonetsa, Madamu. Munandikalipira."

Zinali zoona. Kamodzi kokha Ndaziona anaonekera, koma ali ndi makutu a mphaka ndi ndevu zake zomwe, zimene foni imamata pa nkhope ya munthu. Anzake onse anatengera, mpaka theka la kalasi linali amphaka ndi agalu otulutsa malilime.

"Popanda makutu nkhope yanga imakhala yosakonzeka, Madamu. Anthu angandione mmene ndilili."

"Anthu amakuona mmene ulili tsiku lililonse popita kumjigo."

"Kumjigo sajambula."

Mphunzitsi anapumira m'mwamba. "Chabwino. Koma dziwa kuti agogo ako anakuona tsiku lija. Akhala akufunsa kuti mdzukulu wawo anayamba liti kusanduka mphaka masana. Akuti apeza kale munthu wodziwa zitsamba, ndipo adzakusambitsira pakati pa msika Loweruka, anzako onse akuona."

Ndaziona anakhala tsonga. "Pamsika?"

"Pafupi ndi ogulitsa usipa."

Makutu a mphaka anatha m'kalasi yonse tsiku lomwelo.

Anatsala agogo. A Nangondo sanali m'nyumba mwawo. Mphunzitsi anawapeza m'khola la nkhuku, atakhala pa mphasa, foni ili chagada pa kansalu koyera, iwo ali patali ngati akudikira kuitanidwa. Kholalo linali lalitali kuposa tchalitchi cha m'mudzimo, lofoleredwa ndi malata onyezimira.

"Netiweki imapezeka muno mokha," anafotokoza agogo. "Imakonda nkhuku."

"Nanga foniyo mwaiyikiranji pansi?"

"Aa, Aphunzitsi! Inu mukhale m'menemo, ine ndikugwireni m'dzanja ngati nthochi? Ndikuyang'aneni m'maso ngati ndikukuitanitsani mlandu? Ife sitinaleredwe choncho."

"Mphatso ya munthu wamkulu mumailandira bwanji?"

"Ndi manja awiri."

"Maphunziro ndi mphatso ya mfumu. Igwireni ndi manja awiri, muinyamule mpaka pankhope, ndipo musaitule mpaka ine nditanena."

A Nangondo anaganiza, n'kugwedeza mutu. "Apo ndiye mwalankhula. Koma akamwini anga?"

"Avala magalasi akuda."

"Ngati maso sindikuwaona, palibe mlandu. Muwauze kuti njinga yanga sanaibwezebe."

Podutsa pakhomo la khola, Mayi Mtambalika anakweza maso n'kuona chidindo cha mfumu pa lata lililonse. Anachiyang'ana, n'kutseka pakamwa pawo okha popanda batani. Iwo anatumidwa nkhope.

Masabata atatu otsala kalasi inayenda. Agogo ankayankha funso lililonse poyambira chaka cha dzombe. Makolo ankayankha mwachidule, diso limodzi lili pa kasitomala. Ana ankayankha polemba timawu todulidwa mutu ndi mchira, timene palibe wamkulu ankatimva, mpaka mphunzitsi analamula kuti mwana aliyense aziwerengera gogo mmodzi zimene walemba, ndipo gogo aliyense azifupikitsa nkhani yake kuti ikwane pamene mwana sanayasamule. Zinatheka pang'ono. Maboloma anayamba kuchita chikasu m'mbali.

Tsiku la mfumu linafika ndi mvula. Inayamba m'mawa, yosathamanga, ya mtundu umene umalowa paliponse. Mayi Mtambalika anatsegula kalasi nthawi isanakwane, ndipo mtima unakhala pansi: nkhope makumi anayi, zosamba, zodzola mafuta. Agogo atagwira ndi manja awiri, akamwini asanu ndi awiri ali ngati ziwala, ana opanda makutu a nyama. Anawatseka mawu onse kuti tambala asasokoneze. A Nduna analowa ali mu ofesi yawo, chifukwa ankafuna bokosi lawolawo pafupi ndi la mfumu.

Kenako bokosi lalikulu linatseguka pamwamba penipeni. Mfumu Ndanenandanena Yachitatu inaonekera, itavala nduwira ya nthenga. Kumbuyo kwake wotamanda mfumu anakweza mawu monga amachitira nthawi zonse.

"Yafika njovu yoponda mitambo! Yafika mvula yogwa ikafuna!"

Apa ndi pamene Mayi Mtambalika anakumbukira chinthu chimene anachiiwala masabata asanu ndi limodzi. Ku Zilibwino kuli lamulo lakale kuposa mafoni: ukamva mawu otamanda mfumu, umagwada pomwe ulipo n'kuomba m'manja mpaka mfumu itanena kuti kwakwana. Ndipo munthu saomba m'manja ndi dzanja limodzi.

Mafoni makumi anayi anatulidwa pansi nthawi imodzi.

Madenga.

Mphunzitsi nayenso anali atagwada kuseri kwa tebulo, maso okha akusuzumira pa laputopu. M'mutu mwawo anamva bulu akulira.

Poyamba mfumu inakondwa. "Taonani! Nkhope ndi yanga yokha. Ku Tatsogola sindinaone ulemu wotere." Inadziyang'ana mbali iyi ndi iyo, n'kukonza nthenga. Kenako dontho lalikulu linagwera pa kamera ya foni ya a Lufeyo, thapwa! Pa galasi lalikulu la kunyumba yachifumu linaoneka ngati lagwera pamphuno pa mfumu.

"Ndani akundilavulira?"

"Ndi mvula, Mwini Dziko," anayankha mphunzitsi ali pansi.

"Mvula m'nyumba?"

A Nduna anatulukira kuchokera pansi pa desiki yawo ngati nyenje. "Mwini Dziko, musavutike! Zimenezi si nyumba zathu. Ndi zithunzi za ku Tatsogola. Mphunzitsiyu wagwirizana ndi adani. Ine ndinamuchenjeza. M'dziko lanu lino udzu unatha, ine mwini ndinakwera pa denga lililonse, ndinakhoma msomali uliwonse, ndipo ndikupempha kuti mayi ameneyu lero lomwe, dzuwa lisanalowe..."

Mayi Mtambalika anaganiza za maboloma awo. Anatambasula dzanja pamwamba pa tebulo, n'kudina kachitsononkho ka a Nduna.

Mawu anaduka. Pakamwa pa a Zatheka panapitiriza kuyenda, manja akuuluka, mendulo ikugwedezeka, koma zii, ngati mbuzi yobzikula kuseri kwa windo.

Mphunzitsi anadzuka, anakonza bulauzi, n'kulankhula ndi mawu awo a m'kalasi. "Mwini Dziko, munati mukufuna kumva ngati aphunzirapo kanthu. Ndiitana mayina. Denga la udzu lokhala ndi thumba la feteleza!"

Chala chachikulu ngati munsi chinatulukira m'bokosimo, n'kudina kamodzi. Mzere wofiira unachoka.

"Ndilipo, Aphunzitsi. Ndine Lufeyo wa njinga, wa ku Tsitsaniko kuno, osati ku Tatsogola. Pepani Mwini Dziko chifukwa cha dontholo. Limagwera pamenepo nthawi zonse. Masiku ena timayikapo beseni."

"Denga la chisa cha mavu!"

"Ndilipo, Madamu. Ndaziona. Mwaswera bwanji, Mwini Dziko? Kunyumba ali bwanji? Nanga ziweto?"

Kuchokera kubadwa kwake mwanayu anali asanapatsepo munthu moni wokwanira chonchi. Mayi Mtambalika anapitiriza: denga la pulasitiki wabuluu, denga lotsamira kumanzere, denga loonekera nthambi ya papaya. Aliyense anadzitsegula yekha, ananena dzina lake, n'kufotokoza pamene pamadontha. Wina anati kwawo sikudontha chifukwa denga linapita ndi mphepo, ndiye imangogwa bwinobwino.

Mfumu inkayang'ana bokosi ndi bokosi, nthenga zikugwa mphwayi. Mwadzidzidzi inawala nkhope. "Eya! Malata anga si awo! Ndikuona nkhope yanga, ina, ina, inanso. Nyumba yokongolayi ndi ya yani?"

"Denga la malata!" anaitana mphunzitsi, mawu ali pansi.

Chala chinaphonya kamodzi, kachiwiri chinapeza. Choyamba kumveka chinali tambala.

"Ndilipo, Aphunzitsi. Mwini Dziko, mukundimva? Ndine Nangondo, make Zatheka, nduna yanu. Kuno si kunyumba ayi, ndi kukhola. Mwana wanga uja ndi wachifundo, Mwini Dziko, mumusunge. Nkhuku zake anazifolera kawiri, malata pamwamba pa malata, kuti zisamamve phokoso la mvula. Otsala ali mulu kuseri, timayanikapo mphale."

"Nanga inu mumagona kuti, amayi?"

"M'kanyumba kanga ka udzu. Mvula ikakula ndimasamukira kuno. Nkhukuzi zilibe mwano, zimandisendera."

M'bokosi lawo a Nduna anali ataimirira, akugwada, akuimiriranso, pakamwa pakuyendabe. Kudina kachitsononkho sankadziwa. Iwo anali Nduna ya Maphunziro, sanali wophunzira.

Mfumu inayang'anitsitsa bokosi la khola lija. Anthu makumi anayi anali akuombabe m'manja, manja atayamba kuwawa, chifukwa palibe ananena kuti kwakwana. Mayi Mtambalika anayamba kuganiza zoti maboloma awathyole aawisi, akapsere m'njira.

"Aphunzitsi," inatero mfumu pomaliza.

"Wawa, Mwini Dziko."

"Zatheka mwamuchita chiyani?"

"Ndangomutseka mawu, Mwini Dziko. Ndi kabatani chabe."

"Zaka khumi ndi zisanu munthu ameneyu sindinamuonepo ali chete. Ngakhale pa maliro a bambo anga analankhula mpaka mtembo unatopa." Mfumu inayandikira galasi mpaka mphuno inadzaza bokosi. "Kabatani kameneka kamagwira pa nduna iliyonse?"

"Pa aliyense amene ali m'kalasi, Mwini Dziko."

"Ngakhale onse nthawi imodzi?"

"Kalipo kena kotseka onse."

Mfumu inapumira m'mwamba ngati munthu amene wapeza mvula m'chilala. "Kwakwana! Dzukani nonse. Anthu anga aphunzira, ndamva ndekha. Mayi uyu sapita ku Iwalani. Lachisanu lililonse azindiphunzitsa kabatani kameneka. Ndanena, ndanena."

"Nanga madenga, Mwini Dziko?" anafunsa a Lufeyo, magalasi akuda ali m'maso.

"Madenga? Eya. Tikhazikitsa komiti yofufuza. Wapampando akhala amene akuidziwa bwino nkhaniyi, Nduna ya Madenga."

Komiti inakhala masiku anayi ku hotela ya ku Pamwambamwamba, ndipo inapeza kuti olakwa ndi nkhuku, chifukwa ndizo zinapezeka ndi katundu wa mfumu. Mlandu wawo anauika tsiku lina. Koma panabuka vuto: malata aja tsopano anali umboni, ndipo umboni sungasiyidwe m'manja mwa oimbidwa mlandu. Khoti linalibe posungira, popeza nalonso linkadontha.

Mayi Mtambalika ndiwo anapereka nzeru pa phunziro loyamba la Lachisanu. Anati ophunzira awo ndi anthu okhulupirika, angathe kusunga umboniwo aliyense kwawo. Kuti mbava zisaufikire, ausunge pamwamba pa nyumba. Ndipo kuti mphepo isauulutse, aukhomere ndi misomali.

Loweruka masana Tsitsaniko yense anali pa makwerero. A Lufeyo anakhoma umboni pa nyumba ya apongozi awo atavala magalasi akuda, apongozi akulamula atafulatira, akuyang'ana kwina. Nkhuku zinatsala ndi lata limodzilimodzi, ndipo sizinadandaule. Mlandu wawo sunazengedwebe mpaka lero, monga milandu yonse ya ku Zilibwino, kotero umboni ukusungidwabe bwino.

"Kusunga umboni n'kolemetsa," anatero mayi wa tomato uja kumsika. "Usiku wonse ungomva mvula ikugogoda, koma yosalowa. Tulo tachilendo."

Mfumu inaphunzira kabatani kake m'masabata atatu, ndipo misonkhano ya nduna inafupika kwambiri. Itaona kukoma kwake, inaitanitsa msonkhano wa dziko lonse pa foni. Anthu atalowa, inadina kotseka onse, n'kumwetulira poona mizere yofiira ili ndandanda ngati asilikali. Inatsegula pepala la masamba makumi asanu, mutu wake woti Zili Bwino Kuposa Kale.

Mayi Mtambalika anamvera msonkhanowo ali pansi pa mtengo wawo, foni ili chagada pa mpando, ikuonetsa masamba. Anali ndi mpeni m'dzanja ndi boloma loyamba lakupsa, lalikulu ngati mutu wa mwana. Mfumu ili pa tsamba lachitatu, iwo anasuzumira pa galasi n'kuona mzere wofiira umodzi ukuzimirira. Kenako wina. Kenako khumi. Ophunzira makumi anayi aja anali ataphunzitsa abale awo, abale n'kuphunzitsa anansi, agogo kwa adzukulu, adzukulu kwa agogo a ena. Palibe amene anauza mfumu kuti kabatani kake kali ndi mnzake.

Tambala analira. Kenako panamveka mawu odziwika.

"Mwini Dziko, mukundimva? Ndine Nangondo. Za madenga tathana nazo, zikomo. Tsopano pali nkhani ya mlatho uja."

Mayi Mtambalika anasenda boloma lawo, n'kuluma. Linali lokoma ndithu.